Kamba amamwa malita angati?

Pampu ya mafuta itadula yokha ku Perth, mzinda wa ku Scotland, ndinayang'ana manambala kawiri, kenako ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwa galimoto poganiza kuti mwina thanki yabooka. Pansi panali gwa, popanda ngakhale dontho. Malita 43 anali atalowadi, chonsecho tinali titangoyenda makilomita 443 kuchokera pamene ndinadzaza thanki ku Manchester m'mawa wa tsiku lomwelo. Munali mu June 2022, nthawi imene dizilo kuno ku Britain anafika pafupifupi mapaundi awiri pa lita, ndiye lita iliyonse inkamveka kuwawa kwake m'thumba.

Ndinalowa m'galimoto nkhope ili ndwii.

"Mayi, mwaziona zimene ndinkanena zija? Ufa, mapoto, mabulangete ngati tikusamuka, madzi thanki yodzaza ngati kumene tikupitako kulibe mipopi. Galimoto yalemedwa iyi."

Iwo sanakweze mawu. Anangotsegula kabokosi ka kutsogolo, n'kutulutsa kope ndi bolopeni. "Lembani, bambo. Tikawerengera limodzi kutsogoloko."

Galimotoyi tinaigula mu 2021. Chaka chimenecho Malawi anali pa mndandanda wa mayiko amene ukachokerako unkayenera kubindikiritsidwa mu hotela masiku khumi, ndalama zake zotuluka m'thumba mwako, ndiye ulendo wathu wa kumudzi unafera m'mazira. Ndalama za matikiti zija tinaphatikiza ndi zina n'kugula camper van yakale, ya 2012, ya dizilo, injini ya malita awiri, magiya asanu ndi limodzi. Kwa amene simunaione, tangoganizani minibasi za kwathu zija, koma mwachotsamo mipando ya anthu n'kuikamo bedi, kachitofu ka gasi, kafiriji, sinki ndi thanki ya madzi, denga lake lotukuka kuti ana azigona m'mwamba. Zambiri zimayamba moyo ngati galimoto zonyamula katundu, monga Volkswagen Transporter, Ford Transit kapena Fiat Ducato, kenako amisiri amazikhoma makabati. Ana anga atamva mawu akuti camper anangoti Kamba, ndipo dzinalo linakhala, pajatu nayenso amayenda ndi nyumba yake kumsana. Mayi awo anawonjezera pomwepo kuti kamba amanyera amene wam'tola. Ndinaseka nawo, osadziwa kuti akunena ine.

Amene anatigulitsa anati imayenda mamailosi 40 pa galoni. Apa pokha pali chisokonezo chimene ndakhala nacho zaka zambiri osachizolowera. Kuno mtunda amauyeza m'mamailosi, mafuta amagulitsa pa lita, koma kamwedwe ka galimoto amakanena m'magaloni, pamene pa pampu palibe amene angakugulitseni galoni. Galoni yakenso ili pawiri: ya kuno ndi malita 4.546, ya ku America ndi malita 3.785, moti ukamawerenga za galimoto pa intaneti uyenera kuyamba wadziwa kuti wolembayo ali tsidya liti la nyanja. Ine mutu wanga unakulira pa makilomita pa lita. Ndimangochulukitsa nambala ya kunoyo ndi 0.354, ndiye 40 uja amasanduka makilomita 14 pa lita. Ndi nambala imeneyo ndinakonza bajeti ya ulendo wozungulira kumpoto kwa Scotland, msewu umene amautcha North Coast 500, umene unakhazikitsidwa mu 2015 ndipo ndi wa mamailosi 516 kuyambira ndi kuthera ku Inverness. Kuphatikiza popita, pobwera ndi kupatukapatuka, ndinapeza makilomita 2,250. Kugawa ndi 14, malita 160. Ndinalemba n'kudula mzere kunsi kwake ngati nkhani yatha.

Sindikuti wogulitsayo ananama. Iye ananena nambala ya m'mabuku, ndipo nambala ya m'mabuku ili ndi kumene imachokera. Galimoto za zaka ngati za Kamba ankaziyesa ndi ndondomeko yotchedwa NEDC: amaziika pa zitsulo zozungulira m'nyumba yoyeserera, n'kuziyendetsa mphindi pafupifupi 20, makilomita 11 okha, liwiro lake mukaliphatikiza n'kuligawa silifika makilomita 35 pa ola. Mulibe chitunda, mulibe mphepo ya ku nyanja, mulibe ana awiri okanganirana tchaja. Kuyambira 2017 anayamba kusinthira ku ndondomeko ina, WLTP, ya mphindi 30 ndi makilomita 23, yomwe ikuyandikirako ku zenizeni. Koma chachikulu n'chakuti imene inayesedwayo ndi galimoto ya katundu yopanda kanthu m'kati. Makabati, bedi, batire lachiwiri, botolo la gasi, denga lotukuka, zonsezi zinabwera pambuyo pa mayesowo.

Za kope ndinatengera kwa malume anga, amene anagwira ntchito ya udalaivala wa lole pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Iwo ankati geji ya mafuta si yodalirika, dalaivala weniweni amakhulupirira buku. Kalaliki ankawerengera malita ndi mtunda mwezi ukatha, ndipo lita yosowa inkadulidwa pa malipiro awo. Njira yake ndi yosavuta: dzazani mpaka pampu idule yokha, osakakamiza kuwonjezera, lembani mtunda umene galimoto ikuonetsa, yendani, dzazaninso chimodzimodzi, gawani. Kakompyuta ka pa dashibodi kamanenanso zake, koma ka Kamba n'kaulemu kwambiri, sikafuna kukhumudwitsa mwini wake. Ku Perth kankati mamailosi 33 pa galoni pamene kope linkati 29, kutanthauza makilomita 10.3 pa lita.

Tsikulo tinali titayenda pa M6 ndi M74, misewu ikuluikulu imene malire ake ndi mamailosi 70 pa ola, ndipo ndivomere kuti singano sinatsike pa 70 kupatula pamene tinapatuka ku Blantyre. Inde, Blantyre wa kuno, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, komwenso dzina la Blantyre wathu uja linachokera. Ana anajambulitsa pa chikwangwani n'kufunsa kuti nanga phiri la Ndirande lili kuti. Tinachedwa kumeneko, ndiye pochoka ndinaponda moto kuti tibweze nthawi.

M'mawa mwake tinalowa A9, msewu wochoka ku Perth kupita ku Inverness. Msewu umenewu uli ndi makamera oyeza liwiro la pakati pa malo awiri, anaikidwa mu 2014, moti kuchepetsa liwiro pa kamera pokha n'kudzinamiza. Zigawo zake zambiri n'zopapatiza, mzere umodzi uku wina uku, ndipo malole amaloledwa mamailosi 50 pa ola. Ndinapezeka kumbuyo kwa lole ya mitengo, kutsogolo kwake kuli ina, kutsogolo kwa inayo kuli inanso. Kupitirira kunali kosatheka. Ndinayenda pambuyo pake ndikung'ung'udza, tikukwera pang'onopang'ono mpaka pa Drumochter, mamita pafupifupi 460 pamwamba pa nyanja, kenako kutsika, kukweranso pa Slochd, mpaka Inverness.

Thanki sinkafunika kudzaza, koma ndinkafuna umboni wa mlandu wanga. Malita 14.5 pa makilomita 185. Ndinawerengera pa foni, ndinafufuta, ndinawerengeranso. Makilomita 12.8 pa lita.

Mayi anayang'ana m'kopemo nthawi yaitali ndithu, kenako anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kumene kunali katundu.

"Bambo, ufa uja watsikira pa siteji iti?"

Ndinayesa kunena kuti mtunda waufupi umanamiza, chifukwa pampu ina imadula msanga ina mochedwa, ndipo theka la lita pa malita 14 ndi lalikulu. Zimenezo n'zoona. Koma theka la lita silingakweze 10.3 kufika 12.8. Katundu anali yemweyo, anthu omwewo, msewu wamapiri kuposa wa dzulo lake. Chimene chinasintha ndi phazi langa la kumanja, ndipo silinasinthe mwa kufuna kwanga.

Aliyense amene anatulutsapo dzanja pa windo la basi amadziwa kuti mpweya umakankha, koma ambiri sitidziwa mmene kukankhako kumakulira. Sikukula mofanana ndi liwiro ayi. Mukawirikiza liwiro kawiri, mpweya umakankha kanayi. Kuchoka pa mamailosi 60 kufika pa 70 kumaoneka ngati kanthu kochepa, koma mpweya umene injini ikulimbana nawo umawonjezeka ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu. Galimoto yaing'ono yoterera imazembako. Kamba kutsogolo kwake kuli ngati chitseko cha tchalitchi, utali wake mamita awiri. Ndipo pamwamba pa chitsekocho panali bokosi la padenga, limene munthu wina anaumirira kuti lipite nawo chifukwa munali ndodo zake zowedzera nsomba, mipando yopinda ndi mbaula yootchera nyama. Munthu ameneyo sanali mayi a ana. Bokosilo linkachititsanso kuti potukula denga madzulo tizikankha awiri, wina ndi mutu.

Kulemera nako ndinali ndi nambala yake, kungoti sindinafune kuiganizira. Tisananyamuke ndinapita ndi Kamba pa sikelo ya malole, atapakira zonse ndi ife tili momwemo, chifukwa kupitirira kulemera kolembedwa pa kachitsulo ka pakhomo ndi mlandu kuno. Anakwana makilogalamu 2,940 pa 3,000 ololedwa. Mwa amenewo, katundu amene ndinkadandaula naye, madzi malita 60 omwe ndi makilogalamu 60, ufa, ndiwo za m'zitini, mapoto ndi mabulangete, sankapitirira makilogalamu 120. Pa msewu wosalala galimoto ikangofika pa liwiro lake, makilogalamu 120 pa matani atatu injini siiwamva kwenikweni.

Kumene imawamva ndi kumadzulo kwa Scotland, ndipo kumeneko ndinaganiza kuti mlandu wanga wadzukanso.

Msewu wopita ku Applecross umadutsa pa Bealach na Bà. Umayambira m'mphepete mwa nyanja n'kukwera mpaka mamita 626 pa mtunda wa makilomita osakwana khumi, ndipo chakumapeto kuli makona opindika ngati chigongono, otsetsereka pafupifupi 20 peresenti. Amene munakwerapo msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia, kapena Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, mukudziwa mmene m'mimba mumachitira. Pansi pake pali chikwangwani chochenjeza ophunzira kuyendetsa, magalimoto akuluakulu ndi okoka makalavani kuti asayerekeze. Kamba ndi wamng'ono mokwanira, koma anakwera pa giya yachiwiri, m'makona yoyamba, injini ikulira, mapoto akuyankha kumbuyo. Kakompyuta kaja, kamene kamaonetsanso kamwedwe ka nthawi yomweyo, kanatsika mpaka manambala amene sindinkadziwa kuti kali nawo. M'galimoto munali zii. Wamng'ono yekha ndiye anafunsa, "Adadi, tikabwerera chambuyo tikaima pati?"

Potsika tsidya linalo m'pamene dzanja langa linapita lokha pa giya kufuna kuika pa neutral. Ndi chizolowezi chimene tinakula tikuchiona. Dalaivala wa minibasi akafika pa mtsetse amachotsa giya, ena amazimitsiratu injini, galimoto n'kumatsika mwakachetechete kondakitala akuwerenga ndalama. Pa galimoto za masiku ano zimenezi n'kutaya mafuta m'malo mopulumutsa. Mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, kompyuta ya injini imatsekeratu mafuta, matayala ndi amene amazunguza injini. Mukaika pa neutral, injini imayenera kudzizunguza yokha, ndiye imamwa. Ndinazionera pa dashibodi: m'giya yachiwiri, phazi lili pambali, nambala inathawira kumapeto kwenikweni. Ndipo matani atatu pa mtsetse wotero, mabuleki okha popanda injini kuwathandiza angatenthe musanafike pansi. Malamulo a pamsewu a kuno amachenjeza za zomwezi. Koma musaganize kuti zimene mwawononga pokwera mumazibweza zonse potsika. Zambiri zimathera m'mabuleki, ndipo tinazimva fungo lake titaima pa Applecross, pamene pali kapampu kopanda wogulitsa koyendetsedwa ndi anthu a m'mudzimo.

Kuchoka apo kudutsa Shieldaig, Torridon mpaka Kinlochewe, misewu yambiri ndi ya galimoto imodzi, yokhala ndi timalo topatukira. Mwayenda pang'ono, kwabwera ina, mwaima. Mwanyamuka, nkhosa yagona pakati pa msewu ikubzikula, mwaima. Kunyamula matani atatu kuchoka poima n'kumene kumadya dizilo, ndipo tsiku limodzi tinachita zimenezi kosawerengeka. Titafika ku Ullapool patatha masiku atatu, kope linati malita 31 pa makilomita 338. Makilomita 10.9 pa lita, chonsecho sitinapitirire mamailosi 50 pa ola paliponse.

"Eya," ndinatero ine. "Liwiro lake lili kuti pamenepa? Si katundu ameneyu?"

Mayi anaganiza kaye. "Kodi hita ija imamwa kuti?"

Ndinali nditaiiwaliratu. Kamba ali ndi kahita ka dizilo kunsi kwa mpando, kamene kamayamwa mu thanki yomweyo ya galimoto. Ka mphamvu ngati yathu kamamwa pakati pa theka la kapu ndi kapu yathunthu pa ola, malinga ndi mmene mwakatsegulira. June wa kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, koma kuzizira kwake kumakumbutsa Dedza mu July, ndipo zitseko sungatsegule chifukwa cha tizilombo touluka ting'onoting'ono timene timaluma ngati tatumidwa. Hita inkayaka madzulo ndi m'bandakucha, pafupifupi lita imodzi usiku uliwonse. Kuchotsa malita atatu pa 31, kamwedwe ka injini kanabwerera pa makilomita 12 pa lita. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti amene ankapempha hitayo usiku uliwonse ndi iwowo. Akanatha kukhala chete. Anasankha kuti mlandu wa hita auvomere kuti wa ufa ufe.

Anthu ambiri a ma camper van amene amadandaula kuti galimoto yawo ikumwa modabwitsa nyengo yozizira ndikukhulupirira kuti amaiwala zomwezi. Enanso amalizitsa injini galimoto ili chiimire kuti batire la firiji lidzaze, mafuta akupita, mtunda osayenda.

Ku Ullapool komweko ndinayezanso mpweya wa matayala, n'kupeza kuti akumbuyo ndinawapopa pa muyezo wa galimoto yopanda katundu. Pa kapepala ka pakhomo la dalaivala pali manambala awiri, ina ya galimoto yopepuka ina ya yodzaza, ndipo ine ndinawerenga mzere wolakwika. Izi sindinalengeze.

Gawo la kumpoto, Kylesku, Durness, Tongue, Thurso mpaka John o' Groats, linadutsa bwino, mphepo ikutikankha kumsana. Titakhotera kumwera ku Wick inatipeza kumaso, ndipo Kamba ankachita ngati wina wam'gwira malaya. Mphepo ya mamailosi 20 pa ola ikamakuombani kutsogolo inu mukuyenda 50, galimoto imamva ngati ikuyenda 70. Malo omwetsera mafuta kumpotoko ndi otalikirana, mitengo yake yokwererapo, ndiye ndinkadzaza singano ikangofika pa theka. Kudzaza pafupipafupi kotero kumasokoneza masamu a gawo limodzilimodzi, koma malisiti onse ndinkawasunga mu envulopu.

Pobwerera tinagwirizana zoyesa. Ku Perth, pa malo omwe aja, ndinadzaza, ndipo mayi anati singano isapitirire 60 mpaka kunyumba. N'zovuta kuposa mmene zikumvekera. Malole akuluakulu kuno anawatsekera pa mamailosi 56 pa ola, choncho pa 60 umawapitirira mochita kukwawa, dalaivala wake n'kumakuyang'ana nthawi yokwanira kufunsana za kumudzi. Magalimoto ena onse amakudutsa. Pa zitunda za Beattock ndi Shap phazi linkayabwa. Koma m'galimoto phokoso linachepa moti tinkamvana osakuwa, ndipo bokosi lija linasiya kuimba mluzu umene ndinkaganiza kuti ndi mmene linapangidwira.

Ku Manchester analowa malita 36 pa makilomita 435. Makilomita 12.1 pa lita, pa msewu womwe popita unatipatsa 10.3. Ndinayesa kukumbutsa kuti madzi tinali titataya ndipo ufa unali utadyedwa, koma mawu anga ineyo sanandikhutiritse.

Kusiyana kwake ndi malita pafupifupi asanu ndi awiri, mapaundi 13 kapena 14 pa mitengo ya nthawi imeneyo, ndipo tinafika mochedwa ndi mphindi ngati 40. Wina anganene kuti n'zochepa, ndipo pa ulendo wa kamodzi pa chaka mwina n'zochepadi. Ine ndinaziona mwina. Chaka chimenecho malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kuno anali mapaundi 9.50 pa ola, ndipo anga sankatalikira kwambiri pamenepo. Kukhala pa chiwongolero mphindi 40 zowonjezera kunandilipira kuposa ola lathunthu la ku ntchito, popanda msonkho, popanda kunyamula munthu kapena katoni. Mtengo wake weniweni unali mphindi 40 zina za "Adadi, tafika?", ndipo umenewo si wochepa ayi. Ndikanakhala kuti ndikuthamangira sitima ya pamadzi imene ndalipira kale, ndikanaponda 70 osadandaula.

Nditatsanula envulopu ija pa tebulo, ulendo wonse unakwana malita 195 pa makilomita 2,250 aja, kuphatikizapo a hita. Makilomita 11.5 pa lita, kapena mamailosi 32 ndi theka pa galoni kwa anzathu a kuno. Bajeti yanga ya malita 160 inaperewera ndi 35, pafupifupi mapaundi 70, amene anachokera ku ndalama ya nsapato za sukulu n'kubwezedwa mwezi wotsatira. Munthu akandifunsa lero kuti camper van ya msinkhu wa Kamba imamwa bwanji, ndimamuuza kuti atenge nambala ya wogulitsa achotsepo gawo limodzi mwa magawo asanu, kenako ndimamufunsa kuti padenga aikapo chiyani ndipo amayenda liwiro lanji. Ambiri amayankha funso loyamba lokha.

Bokosi lija ndinalitsitsa Loweruka lotsatira, lili m'shedi mpaka lero. Ndodo zowedzera zinayenda ulendo wonsewo osagwira ngakhale kansomba kamodzi, ndipo mbaula tinaiyatsa kamodzi kokha, ku Durness, mvula n'kuizimitsa. Pa tsamba lomaliza la ulendowo m'kope muja, kunsi kwa masamu anga, pali mzere wa dzanja lina: "Ufa unatha Lachinayi. Ulendo wina tidzatenge matumba awiri."